Fupa silimva changu, abale

Msuweni wanga wina kwathu kwa Nchema ku Chiradzulu ndi wa kabaza. Dzina sinditchula, angandinyanyale. Chaka chatha adagwa ndi njinga yamoto pozemba mbuzi, fupa la msongolo n'kuthyoka. Kuchipatala adamujambula, adawongola mwendowo, adamuika chikhakha kuyambira kuphazi mpaka pantchafu, n'kumulembera m'buku tsiku lobwereranso.

Pofika sabata yachisanu ululu udali utatha. Njinga idali kwa mwini wake, ndipo mphekesera zidayamba kumveka zoti abwanawo akufuna kuipereka kwa mnyamata wina. Mphwangayo adaviika chikhakha chija m'beseni la madzi, chitafewa n'kuchidula ndi mpeni. Mawa lake adali pa siteji. Lero patha miyezi 8, akuyendera ndodo, ndipo akaponda mwendo umagwedera pamalo pomwe palibe mfundo.

Nkhani itafika pa gulu lathu la WhatsApp la pachibale, malangizo adagwa ngati mvula. Wina adati tiitanitse mapiritsi a calcium ku Joni. Wina adati azimwa msuzi wa mang'ina m'mawa uliwonse. Azakhali adati kuli sing'anga wodziwa mafupa amene salephera. Wina adatumiza kavidiyo ka pa TikTok ka mafuta odzola. Onsewa ndi anthu omufunira zabwino, koma pa mauthenga onse aja palibe ndi mmodzi yemwe amene adafunsa kuti: kodi tsiku limene adamulembera m'buku lija adapita?

Sadapite. Ndipo maganizo anga ndi awa: fupa likamachedwa kulumikizana, ndalama yoyamba imene banja lasonkha izipita ku transipoti yobwerera kuchipatala. Zinazo zibwere pambuyo.

Kuti timvane, tiyambe ndi momwe fupa limapolera, chifukwa ambirife timaganiza ngati chikhakha ndiye mankhwala. Ayi. Fupa limadzilumikiza lokha. Likathyoka, magazi amaundana pamalopo. M'masabata oyamba thupi limamanga kanthu kofewa kolumikiza mbali ziwirizo, ngati phala lolimbirapo. Kenako kanthuko kamayamba kuuma n'kusanduka fupa, ndipo kwa miyezi yambiri pambuyo pake thupi limakhala likusalaza ndi kulimbitsa. Ntchito ya chikhakha ndi kugwira mbali ziwirizo kuti zisamasunthe pomwe ntchitoyi ikuchitika. Aliyense amene adaonapo amisiri akuthira konkire amadziwa kuti matabwa aja sachotsa tsiku lomwe pamwamba paoneka pouma.

Apa ndi pomwe anyamata ambiri timagwera m'mbuna. Ululu umatha msanga, fupa lisadalimbe. Munthu umaona ngati wachira pomwe mkatimo mudakali phala. Ukayamba kupondera, kukankha njinga pamatope, kunyamula thumba la chimanga kumbuyo, mbali zija zimasuntha tsiku ndi tsiku ndipo kolumikiza kaja kamangosweka. Mapeto ake thupi limatopa n'kusiya.

Nthawi yake si yofanana kwa aliyense. Mwana wamng'ono fupa limagwira m'masabata ochepa. Munthu wamkulu akathyoka pafupi ndi chikhatho, zimatenga pafupifupi masabata 6. Koma msongolo ndi wouma mutu: kwa wamkulu umatenga miyezi 3 mpaka 6, nthawi zina kupitirira. Gwirani msongolo wanu pompano, muona kuti kutsogoloko ndi khungu lokha kenako fupa. Mnofu ndi wochepa, ndiye magazi ofika pamenepo ndi ochepanso. Tsoka ilo, fupa limeneli ndi lomwe lili poyera munthu akakhala pa njinga yamoto. Madokotala amati fupa lachedwa ngati lapyola nthawi yomwe amayembekezera, ndipo ambiri amati lakanika ngati papita miyezi ngati 9 ndipo zithunzi za miyezi itatu yotsatizana sizikuonetsa kusintha. Zimenezi simungazidziwe pongosisita mwendo kunyumba. Zimafuna X-ray.

Tsono za magazi zija. Pano ndilankhule ndi anzanga osuta, ndipo ndikudziwa kuti simukonda kuuzidwa. Fodya amafinya timitsempha ting'onoting'ono tomwe timapititsa magazi pamalo othyoka, ndipo utsi wake umachepetsa mpweya wabwino m'magazimo. Kafukufuku wochuluka wasonyeza kuti kwa osuta, mpata woti fupa lichedwe kapena likanike kulumikizana ndi pafupifupi kawiri poyerekeza ndi osasuta. Kawiri, aise. Msuweni wanga uja nthawi yonse yomwe adali m'chikhakha ankangokhala pakhonde, kusowa chochita, ndudu imodzi ikatha kuyatsa ina. Palibe piritsi la ku Joni lomwe lingabweze zomwe ndudu zikuchotsa. Pa zinthu zonse zomwe wodwala angachite payekha, kusiya fodya ndiye chachikulu, ndipo n'chaulere. Kachasu nayenso sathandiza: amafooketsa ntchito yomanga fupa, amalanda chilakolako cha chakudya, komanso munthu woledzera woyendera ndodo mukudziwa kumene amathera.

Palinso mankhwala omwe timangogula pagolosale osafunsa. Indocid, Brufen ndi diclofenac amathetsa ululu ndithu, koma kumwa tsiku lililonse kwa masabata ambiri kukhoza kuchedwetsa fupa, osanenanso za zilonda za m'mimba. Prednisolone ndi dexamethasone, amene ena amamwa pofuna kunenepa, amafooketsa mafupa akamwedwa nthawi yaitali. Tengani mapaketi onse amene mukumwa mukawaonetse adokotala, iwo ndi amene anene choti musiye ndi choti mupitirize. Odwala shuga nawo adziwe kuti shuga akakhala wokwera, fupa ndi bala zonse zimachedwa.

Nkhani ya ma ARV ndiyofunika kuitchula, makamaka kwathu kuno. Chiradzulu ndi boma limodzi mwa oyamba m'Malawi muno kumene anthu adayamba kulandira mankhwalawa mwaulere, mu 2001, kudzera ku bungwe la MSF, ndiye mabanja ambiri tili ndi achibale omwe akhala pa mankhwala zaka zambiri. Ndamvapo anthu akunong'onezana kuti munthu wa kachilombo fupa lake siligwira. Si zoona. Anthu omwe ali ndi HIV mafupa awo amalumikizana, ndipo amachitidwa opaleshoni bwinobwino. Choopsa ndi kusiya mankhwala. Musasiye, ndipo auzeni adokotala a mafupa kuti mumamwa.

Nanga chakudya? Chimafunikadi, sindikutsutsa. Fupa ndi lomangidwa ndi zakudya zomanga thupi pamodzi ndi calcium, ndipo munthu wongodya nsima ndi mchere adzachedwa kuchira. Koma zomwe fupa likufuna zili pamsika wathu womwewu. Usipa, bonya ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo calcium ali m'mingamo. Nandolo amene timalima n'kugulitsa kwa mavenda pamtengo wolira, siyaniko wina pakhomo. Nyemba, soya, mazira, nsinjiro mu nkhwani kapena bonongwe, kapu ya mkaka kwa omwe ali pafupi ndi alimi a ng'ombe, magwafa ndi malambe a vitamini C, ndi kukhalako padzuwa m'malo mobindikira m'nyumba, pakuti vitamini D thupi limapanga lokha khungu likaona dzuwa. Mang'ina ndi okoma, ine ndemwe sindikana mbale, koma msuzi wa mafupa uli ndi calcium wochepa kwambiri kusiyana ndi momwe anthu amaganizira. Mapiritsi a calcium amathandiza munthu amene akuperewera calcium. Kwa amene fupa lake likugwedera, atha kumwa botolo lonse, mbali ziwirizo zizingosunthabe.

Za asing'anga sindikufuna kunyoza, chifukwa ndikudziwa chimene anthu amapitirako. Ali pafupi, amakulandira ndi dzina, amavomera nkhuku kapena kulipira pang'onopang'ono, ndipo sakuuza kuti ubwere mwezi wamawa. Ndipo chilungamo chake n'chakuti mafupa ambiri othyoka mosavuta amalumikizana okha akangomangidwa, ndiye aliyense amene adamanga amatenga ulemu. Vuto limabwera pa atatu awa: kusisita ndi kukoka fupa lomwe likuyesa kugwira, kumanga timitengo mothina mpaka magazi kuleka kuyenda, ndi kutema mphini pamwamba pa fupa lothyoka. Mphini ndi khomo la tizilombo, ndipo tizilombo tikalowa m'fupa nkhani imakula. Fupa la mafinya limavuta kulumikizana, ndipo kulichiza kumatenga miyezi ndi maopaleshoni angapo. Ngati banja likufuna mapemphero kapena zitsamba zakumwa kuti mtima ukhale pansi, ndi nkhani yawo, bola adokotala adziwe. Koma lumo lisayandikire mwendowo.

Pali zizindikiro zina zomwe sizidikira tsiku la m'buku. Zala zikachita dzanzi, kuzizira kapena kusintha mtundu, ululu ukamakulirakulira m'malo mochepa, chikhakha chikayamba kununkha kapena kutuluka madzi, thupi likatentha, nyamukani tsiku lomwelo. Chimodzimodzi chikhakha chikasweka kapena kukhwepa mwendo utaphwa. Chikhakha chokhwepa chili ngati palibe.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti ambiri sabwerera chifukwa amaganiza kuti kuchipatala alibe chinanso choti achite, kapena kuti akangodula mwendo. Fupa lokanika lili ndi chithandizo, ndipo chimapezeka m'Malawi momwemuno. Kuyambira 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa ma clinical officer a mafupa, ndipo ndi iwowa amene amasamalira anthu ambiri othyoka m'zipatala za m'maboma. Akaona kuti zavuta amatumiza ku zipatala zazikulu. Kwa ife a ku Chiradzulu, Queen Elizabeth ku Blantyre si kutali. Ana ali ndi Beit CURE, yomwe idatsegulidwa mu 2002 mumzinda womwewo, ndipo ku Lilongwe kuli LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chomwe chili pa Kamuzu Central. Madokotala amatha kulowetsa chitsulo mkati mwa fupa, kumanga ndi kachitsulo kaphanthiphanthi ndi masikuluwu, kapena kuika zitsulo zogwira fupa kuchokera kunja. Pomwe fupa lasiyiratu kumera, amatenga tizidutswa ta fupa la m'chiuno mwa wodwala yemweyo n'kukaika pamalopo kuti ntchito iyambirenso. Pomwe pali mafinya amayamba achotsa chovunda. Mzere umakhala wautali, inde, ndipo kudikira kumatopetsa. Koma amene sadapite ngakhale pa mzerepo palibe.

Ndipo pena yankho limakhala losayembekezeka: adokotala atha kukuuzani kuti muyambe kupondako pang'ono. Fupa likafika pa msinkhu wina, kulemedwa pang'ono kumalilimbikitsa kukula. Ndiye kugona chigonere miyezi isanu poopa kuponda nakonso kumachedwetsa. Kusiyana kwa msuweni wanga ndi munthu wouzidwa kuti apondeko n'kwakuti winayu wajambulidwa kaye, ndipo wauzidwa mlingo wake.

Tsono tisamangoloza chala anyamatawa ngati ndi opanda nzeru. Msuweni wanga adadziwa kuti akulakwitsa. Adawerengera kuti miyezi itatu pakhonde ndi miyezi itatu yopanda ufa, yopanda sopo, mwana osapita ku sukulu ya mkaka, ndipo njinga itapita. Wa kabaza alibe tchuthi cha odwala, alibe inshuwalansi, ndipo ambiri njinga si yawo. Chikhakha chija chidadulidwa ndi njala. Apa ndi pomwe ndikuona kuti tonse tili ndi gawo. Inu eni njinga, mnyamata amene wakhala akukubweretserani ndalama tsiku ndi tsiku akavulala pa ntchito yanu, muuzeni poyera kuti wina ayendetsa mongogwirizira ndipo akachira njinga aipeza. Mawu okhawo atha kupulumutsa mwendo. Magulu a kabaza m'masiteji amasonkherana pa maliro, ndipo amachita bwino. Bwanji thumba lomwelo lisamathandizenso wovulala ndi transipoti ya kuchipatala ndi kathumba ka ufa? Mabanki a m'mudzi nawo ali ndi kathumba ka zadzidzidzi, ndipo fupa lothyoka ndi dzidzidzi yeniyeni.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Munthu amene wabwereka ndalama ya transipoti, wafika m'mamawa, n'kuuzidwa kuti lero kujambula sikutheka, kawirikawiri sabweranso kachiwiri. Makina a X-ray oyenda tsiku lililonse, pulasitala wokwanira ndi ndodo zoyendera m'zipatala za m'maboma n'zotchipa kwambiri poyerekeza ndi opaleshoni ya fupa lokanika, kapena mnyamata wa zaka 25 amene sadzagwiranso ntchito. Ndipo ngati mauthenga a ngongole ndi a mabetcha amatipeza pafoni usiku ndi usana, uthenga wokumbutsa wodwala tsiku lobwerera kuchipatala sungakanike.

Ku gulu lathu la pachibale kuja tidakangana masiku awiri. Azakhali adakwiya pang'ono, akuti ana a sukulu mumadzimva. Pamapeto pake ndalama yomwe idasonkhedwa kuti tigule mapiritsi tidaigawa pawiri: ina transipoti, ina usipa ndi mazira. Msuweni wanga adapita, adajambulidwa, ndipo chithunzi chidaonetsa mpata pakati pa mafupa awiri aja, m'mphepete mwake mutasalala. Amutumiza ku chipatala chachikulu ndipo akudikira tsiku la opaleshoni. Adamuuza kuti asiye fodya asadalowe ku fiyeta. Sabata yatha nditamuimbira adati watha masiku 19 osasuta, ndipo akulusira aliyense pakhomo, ndi nkhuku zomwe.