Makutu a ku Angónia aloza ku Lilongwe

ULÓNGUÈ — Mlimi wa kachewere ku Dómuè kapena ku Calómuè akatsegula wailesi m'mamawa, nthawi zambiri mau oyamba kumufika ndi ochokera ku Malawi. Amadziwa msanga mtengo wa feteleza ku Dedza ndi zomwe aphungu akukambirana ku Lilongwe, koma zomwe zagamulidwa ku Maputo zimamupeza mochedwa, ndipo kawirikawiri m'Chipwitikizi chomwe sachimva bwino.

Zifukwa zake sizovuta kuziona. Kuchoka ku Ulónguè kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, ku Maputo oposa 1,500, pomwe Dedza ali pakhomo. Chilankhulo nacho n'chimodzi. Kuyambira m'chaka cha 1968 Malawi adakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko, ndipo wailesi ya MBC yakhala ikuulutsa m'chilankhulochi tsiku ndi tsiku. Nkhondo idalimbitsa chizolowezichi. Anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ambiri a m'boma lino adakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo ana awo adaphunzira m'sukulu za kumeneko. Pobwerera kwawo, pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, adabwera ndi mawailesi awo ozolowera kale mau a kutsidya.

Boma la Mozambique lidayesetsa kutseka mpatawu. Malamulo aakulu a dziko a 1990 ndi lamulo la atolankhani la 1991 adatsegula njira yoti pakhale nyuzipepala ndi mawailesi ambiri. Nthambi ya Rádio Moçambique ku Tete imaulutsa m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, ndipo bungwe la Instituto de Comunicação Social lidakhazikitsa wailesi ya m'dera ku Ulónguè. M'sukulu, Chinyanja chidayesedwa pophunzitsa ana m'chigawo cha Tete kuyambira 1993 mpaka 1997.

Kumvera wailesi ya dziko loyandikana nalo sikulakwa, ndipo nthawi zina kumapulumutsa moyo. Mu Febuluwale 2022 Malawi adalengeza kuti mwana wapezeka ndi poliyo ku Lilongwe, ndipo mu Meyi chaka chomwecho matendawa adapezekanso m'chigawo cha Tete. Mayi wa kumalire yemwe adamva pa wailesi ya ku Malawi kuopsa kwa matendawa adali atamvetsa kale chifukwa chodonthezera mwana katemera m'kamwa. Komabe tsiku lomwe a zaumoyo afike m'mudzi mwake akadalimva kuchokera kuno kokha.

Apa ndi pomwe pali vuto. Wailesi ya kutsidya imaphunzitsa zinthu zomwe n'zofanana mbali zonse, monga matenda, mvula ndi mbozi za m'chimanga, koma siyinganene za malamulo a dziko lino. Chitsanzo ndi nkhani ya malo. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ndi ya boma ndipo siyigulitsidwa, komanso limateteza munthu wokhala pamalo motsata mwambo wa makolo, kapena yemwe walimapo mwachilungamo zaka 10, ngakhale alibe chikalata cha DUAT. Mlimi yemwe sadamve zimenezi m'chilankhulo chake angathe kusiya munda wa makolo ake chifukwa choopa munthu wobwera ndi pepala lodindidwa.

Ngakhale mau enieniwo amasiyana. Yemwe kutsidya amamutcha DC kuno ndi administrador, T/A ndi régulo, ndipo mtengo wotchulidwa m'makwacha suthandiza wogulitsa m'mameticais ngati sadziwa kusintha kwake. Choncho muulutsi wa ku Ulónguè, polandira nkhani m'Chipwitikizi, ali ndi ntchito yoposa kutembenuza mau: ayenera kufotokoza kuti nkhaniyo ikukhudza bwanji munda, msika kapena chipatala cha womvera.

Mafoni a m'manja awonjezera changu pa ntchitoyi. Uthenga wa mau wa pa WhatsApp umaoloka malire popanda woufunsa chiphaso, ndipo mphekesera yonenedwa m'Chichewa chomveka imakhulupiriridwa msanga kuposa chilengezo choona chomwe chabwera m'chilankhulo chachilendo.

Malamulo aakulu a 2004 amati boma lilemekeza ndi kutukula zilankhulo za dziko lino. Ku Angónia lonjezoli liyesedwa ndi zinthu zooneka: maola ochuluka a nkhani za Mozambique m'Chinyanja, aulutsi ophunzitsidwa kumasulira malamulo, ndi atolankhani otenga madandaulo a alimi n'kuwafikitsa m'Chipwitikizi ku Tete ndi ku Maputo. Pakuti monga momwe mlimi samva za likulu, akuluakulu a kulikulu nawo samva zomwe zikukambidwa pamsika wa Ulónguè.