Mgodi umatha, munda ndiwo utsala

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya timigodi ting'onoting'ono timene tachuluka m'midzi mwathu. Anthu akukumba golide ku Makanjira m'boma la Mangochi, m'mbali mwa mtsinje wa Lisungwi ndi ku Nathenje, ena akuswa miyala ya laimu ku Chenkumbi m'boma la Balaka, ndipo kwina nkokumba dothi la njerwa. Chiyambire pamene banki yaikulu ya Reserve idayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono mu 2021, ambiri aona kuti m'nthaka muli ndalama. Ine sindikutsutsa zokumba, pakuti munthu ayenera kudya. Dandaulo langa lili pa dothi lapamwamba, limene likutayidwa ngati zinyalala.

Chonde cha munda chili m'dothi lakuda lija limene khasu limafikapo, mwina phazi limodzi kuya kwake, kwina osafika n'komwe. Pansi pake pali katondo ndi miyala, zimene sizibereka chimanga ngakhale muthirepo feteleza wa makuponi. Kuti dothi lakudalo lipangike pamapita zaka mazanamazana, koma mvula ya tsiku limodzi ikhoza kulikokolola lonse. Kafukufuku amene boma lidachita pamodzi ndi bungwe la FAO adapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani 29 a nthaka pa hekitala iliyonse pachaka. Nanga pamalo pamene akumba ndi kusiya poyera, popanda ngakhale udzu, pamatayika nthaka yochuluka bwanji?

Funso nali: nchifukwa ninji okumba sasamala? Si umbuli ayi, pakuti ambiri ndi alimi ndipo akalozera amawadziwa. Chifukwa chake nchakuti wokumba ndi mlendo pamalopo. Amalipira mwini munda kamodzi, nkukumba miyezi ingapo, miyala ikatha ulendo. Kukwirira dzenje ndi ntchito ya masiku ambiri imene palibe amene amulipire. Mwini munda naye amaona ndalama za lero, osaganiza kuti wagulitsa zokolola za ana ndi zidzukulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Otsala nazo ndi mudzi: zigwembe zodula njira, maenje a madzi oswera udzudzu ndi omiza ana ndi ziweto, ndi mchenga wokwirira madimba a anthu amene sadalandire ngakhale tambala. Matope a mu Lisungwi amakathera mu Shire, mtsinje umene umatipatsa magetsi.

Malamulo alipo. Pali lamulo la zachilengedwe la 2017 limene lidakhazikitsa bungwe la MEPA, ndiponso lamulo la migodi la 2023. Koma wa boma sangaime pa dzenje lililonse. Amene amaona khasu loyamba likugwa ndi nyakwawa ndi mwini munda. Choncho pangano lizichitika pamaso pa amfumu kukumba kusanayambe, lilembedwe papepala, ndipo wokumba asiye chikole kwa komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Ndalamazo azitenga pokhapokha atabweza malowo mwakale. Munthu sasiya ndalama zake kumbuyo, adzakwirira.

Zolemba m'panganomo sizifuna makina. Choyamba, apalule dothi lakuda ndi kuliunjika palokha, kumtunda ndi kutali ndi mtsinje, osalisakaniza ndi katondo. Mulu usapitirire msinkhu wa munthu, pakuti ukatalika dothi la m'kati limafa. Aufunditse ndi udzu kapena mapesi, ndipo ngati ukhalitsa adzalepo kalongonda kapena khobwe. Chachiwiri, akumbe ngalande kumtunda kwa dzenje yopatutsa madzi a mvula, ndipo pothera pake ayale miyala kuti madzi asakumbe chigwembe china. Chachitatu, kumunsi kukhale kadziwe kodikhiramo matope, ndi mzere wa udzu wa vetiva wodzalidwa mopingasa chitunda, monga alangizi amatiphunzitsira m'minda. Otsuka golide azitsukira m'kadziwe kotere, osati mumtsinje momwe amayi amatunga. Chachinayi, asatsegule dzenje latsopano lakale lili kukamwa. Pokwirira ayambe miyala, kenaka katondo, dothi lakuda pamwamba, nkuthirapo manyowa ndi kudzala nandolo kapena mitengo ya msangu ndi gilisidiya mvula yoyamba isanathe.

Abusa, ansembe ndi mashehe, inunso nkhaniyi ikukukhudzani. Matchalitchi, mizikiti ndi sukulu zambiri tidamanga ndi njerwa zoumba tokha, ndipo maenje ake akadali pomwepo kuseri kwa nyumbazo. Tiyambe takwirira athuwa, kuti polangiza achinyamata a ku migodi tisachite manyazi. Aphunzitsi anzanga amene mukadali pantchito, tengani ana a Sitandade 6 ndi 7 akaone kusiyana kwa dothi lakuda ndi katondo ndi maso awo.

Mafumu athu, mvula ili pafupi. Yenderani maenje a m'dera lanu mwezi uno, muone kumene dothi lakuda laikidwa. Madzi akatayika saoleka, ndipo nthaka ikapita ku Shire sibwerera.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Balaka.