MATENDA A SICKLE CELL: MLANDU SULI PA MAI YEKHA

M'caka ca 2021 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la American Society of Hematology, unayamba nchito yopima magazi a makanda obadwa kumene pofuna kupeza msanga amene ali ndi matenda a sickle cell. Nchitoyi inayambira pa University Teaching Hospital ku Lusaka ndi pa cipatala ca ana ca Arthur Davison ku Ndola. Ici ndi cinthu cotamandika, koma kwa mlimi wa kwa Mwase Lundazi mizinda imeneyi iri kutali, ndipo ngakhale cipatala cacikulu ca Chipata ciri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kucokera pa boma la Lundazi. Cimene cingafike m'midzi msanga koposa makina opimira ndico uphungu woona wonena za kumene matendawa amacokera.

Sickle cell ndi matenda a m'magazi amene munthu amabadwa nao. M'magazi muli timbulumbulu tofiira timene timanyamula mpweya wa moyo kupita nao m'thupi lonse. Mwa munthu walunga timbulumbuluti ndi tozungulira, tofewa, ndipo timakhala masiku 120. Mwa wodwala timapindika ngati cikwakwa, timatseka mitsempha ing'onoing'ono, ndipo timafa pa masiku 10 kapena 20 cabe. Ici ndico cifukwa cake mwana amacepa magazi kawirikawiri, maso amacita cikasu, kapamba amatupa, ndipo mafupa amawawa kwambiri, makamaka m'nyengo ya cisanu ya June ndi July. Zizindikiro zimayamba mwana akafika miyezi 5 kapena 6, ndipo coyamba kuoneka kawirikawiri ndi kutupa kwa manja ndi mapazi.

Kutupa kumeneku ndiko kumautsa mapokoso pabanja. Akuluakulu ataona khanda latupa amaganiza za tsempho, nayamba kufunsana kuti ndani mwa makolo sanadzisunge. Ena amathamangira kwa sing'anga, mwana natemedwa mphini, ndipo nkhalamba ina ya m'mudzi ilozedwa cala. Pakafa mwana waciwiri ndi wacitatu mwa njira yomweyo, mau amene amamveka ndi akuti kucikazi kuli magazi oipa. Pakati pa Acewa, kumene mwamuna amakhala cikamwini, iye angathe kungonyamula katundu wake ndi kubwerera kwao. Pakati pa Atumbuka ndi Angoni a m'boma lomweli, kumene amalowola, mkazi ndiye amabwezedwa kwa makolo ake. Konse kuwiri mtolo umagwera mai.

Coonadi ca nkhaniyi cinadziwika kalekale, ndipo mbali ina cinapezeka m'dziko lino. Dotolo wina, E. A. Beet, anafufuza matendawa ku Balovale, kumene lero kumachedwa Zambezi, nalemba za iwo mu 1946. Mu 1949 iye pamodzi ndi James Neel wa ku America, yense payekha, anaonetsa kuti mwana amadwala pokhapokha atalandira mbeu ya matendawa kucokera kwa makolo onse awiri. Munthu amene ali ndi mbeu imodzi yokha sadwala. Amalima, amasenza katundu, amakalamba monga wina aliyense, ndipo kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Mu 1954 Anthony Allison anaonetsanso kuti mbeu imodziyo imachinjiriza mwana ku malungo oopsa. Pa cifukwa ici mbeuyi inacuruka m'maiko a malungo. Sitemberero, sicilango, ndipo palibe amene anaipatsa mnzake mwadala.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Bambo ndi mai akakhala ndi mbeu imodzi aliyense, mimba iriyonse iri ngati kupisa dzanja m'thumba mmene muli nyemba zinai. Nyemba imodzi ndi mwana wodwala, ziwiri ndi ana onyamula mbeu koma osadwala, ndipo imodzi ndi mwana wopanda mbeu konse. Nyemba yotoledwayo imabwezedwa m'thumba mimba ina isanabwere. Motero banja lina lingabereke ana asanu ndi mmodzi onse alunga, pamene lina lingabereke odwala atatu motsatizana. Kubereka mwana wodwala sikutanthauza kuti atatu otsatira adzapulumuka. Ndiponso mwamuna amene asiya mkazi pa cifukwa cimeneci amapita ndi mbeu yake ku ukwati watsopano, ndipo akakumana ndi mkazi wina wonyamula mbeu, maliro aja adzamtsatira komweko.

Pali mfundo ina yofunika kuikamba mosamala, ndiyo ukwati wa pacisuweni, umene makolo akale ankaukonda kuti mbumba isabalalike. Asuweni amacokera kwa agogo amodzi, conco mwai wakuti onse awiri anyamule mbeu yofanana umakula. Komabe mbeu ya sickle cell ndi yofala kotero kuti ngakhale anthu osadziwana konse angathe kukhala nayo onse awiri. Cofunika pamenepa ndi kupimitsa magazi, pakuti maso sangaone amene ali nayo. Akale anati safunsa anadya phula.

Nchito ya mlangizi wa zacipatala ndi kufotokozera banja zinthu zimenezi bambo ndi mai ali pamodzi, ndipo ngati n'kotheka pakhalenso ankhoswe ndi amalume a mwana, popeza kumudzi mau ao ndiwo amamanga kapena kupasula banja. Mlangizi saletsa ukwati, salamula ciwerengero ca ana, ndipo saulula zotsatira za magazi a munthu kwa anthu akunja. Amapereka coonadi, eni ake nasankha okha. Ayeneranso kunena poyera kuti kupima kwina kumangoonetsa kuti mbeu iripo, osasiyanitsa wodwala ndi wongonyamula, kotero kuti nthawi zina pamafunika kupimanso kwina kozama.

Makolo ayenera kumvanso kuti mwana wotere angakule, kuphunzira ndi kugwira nchito. Kafukufuku wa mu 1986 ku America anaonetsa kuti mankhwala a penicillin omwa tsiku ndi tsiku amapulumutsa ana ang'ono ambiri ku matenda oopsa opatsirana. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2019, wocitika ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda, anapeza kuti mankhwala a hydroxyurea amacepetsa kuwawa, malungo, kuikidwa magazi ndi imfa. Zina ziri m'manja mwa makolo: katemera yense wa ku sikelo, kugona m'neti, kumwa madzi ambiri, kufunda bwino pa cisanu, ndi kupita naye ku cipatala tsiku lomwelo thupi likatentha, osayamba kwa sing'anga.

Akatswiri anawerenga kuti mu 2021 ana oposa 500,000 anabadwa ndi matendawa pa dziko lonse, ambiri a iwo muno mu Afirika. Bungwe la United Nations linapatula tsiku la 19 June kukhala lokumbukira sickle cell. Tsiku limeneli lisamathere m'mizinda mokha. Anamwino a pa cipatala ca kwa Mwase, makomiti a zaumoyo a m'midzi, alangizi a cinamwali, abusa ndi anyakwawa angathe kuphunzitsidwa nkhani ya nyemba zinai m'tsiku limodzi. Boma liri ndi udindo wofikitsa zopimira ndi mankhwala m'zipatala za kumidzi. Udindo wa mudzi ndi kuleka kuweruza mai pa mlandu umene palibe anaupalamula, ndi kuthandiza makolo onse awiri kulera mwana wao.