Ndani Akuti ku Majaua Kunalibe Nkhondo?

Abale ndi alongo, pali mau amene timawamva pamsika, pamowa, ngakhale m'kamwa mwa anthu ophunzira ocokera kutali. Iwo amati: "Inu a ku Zambezia ufulu munangoulandira m'manja. Nkhondo inali ku Cabo Delgado, ku Niassa ndi ku Tete. Inu munali kulima cimanga." Lero ana athu ena a kuno ku Majaua ayamba kubwereza mau omwewa. Ife tikuti mau amenewa ndi bodza, ndipo amanyoza makolo athu. Tiyeni tiwayankhe.

Poyamba tivomere coona. Kuno sikunamenyedwe nkhondo zazikulu monga za ku Mueda. Kuno kunalibe madera omasulidwa, kumene Frelimo inali ndi minda, sukulu ndi zipatala zake m'chire. Zimenezo sitikana. Koma kodi nkhondo ndi kulira kwa mfuti kokha?

Frelimo inabadwa pa 25 Juni 1962 ku Dar es Salaam, ndipo mtsogoleri wake anali Eduardo Mondlane. Nkhondo inayamba pa 25 Seputembala 1964 ku Chai, ku Cabo Delgado. Caka comweco mfuti zinaliranso muno m'Zambezia: ku Tacuane, ndi ku Mongue, m'boma lathu lomwe lino la Milange. Conco ife sitinabwere mocedwa ai. Tinalipo pa ciyambi.

Nanga moto umene unayaka mu 1964 unazimiranji? Yang'anani mtsinje wa Ruo. Ankhondo a ku Cabo Delgado ndi ku Niassa anali ndi Tanzania kumbuyo kwao, kumene kunkacokera zida ndi mankhwala. A ku Tete anali ndi Zambia. Ife kumbuyo kwathu kunali Malawi. Dziko la Malawi linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, koma lilibe nyanja yamcere, ndipo katundu wake ankadzera ku Beira, m'manja mwa Apwitikizi. Dr Kamuzu Banda anasankha kukhala bwino ndi Apwitikizi, ndipo sanalole kuti zida za Frelimo zizidutsa momasuka m'dziko lake. Msilikali wopanda zipolopolo angamenye bwanji? Ankhondo anabwerera. Anthu wamba anatsala.

Amene anatsalawo ndiwo analipira. Apolisi acinsinsi, a PIDE, anayamba kusaka aliyense amene anapatsa ankhondo ufa, madzi kapena pogona. Anthu ambiri a m'boma la Milange anamangidwa. Ena anabwerako ali olumala. Ena sanabwereko konse. Munthu ankatha kugwidwa cifukwa comvera wailesi ya kunja, kapena cifukwa cokhala ndi mbale tsidya la Ruo. Wina akakhala ndi mangawa ndi mnzake pa nkhani ya munda, ankangomunenera kuti ndi "turra", dzina lacipongwe limene Apwitikizi ankachulira ankhondo a ufulu. Pamenepo mudzi unaphunzira kutseka pakamwa. Pamaliro anthu ankalankhula monong'ona. Kodi imeneyi si nkhondo?

Mafumu nawo anali pakati pa moto uwiri. Mkulu wa posto ankafuna maina. Mfumu ikapereka maina, yagulitsa ana ake. Ikakana, mbalamatodya ndi ndende zikuiyembekeza. Ena anagulitsa, ena anakana ndi kuzunzika. Tisawaike onse m'dengu limodzi.

Ndipo mavuto sanayambe mu 1964. Agogo athu anakulira m'cibalo. Lamulo linkafuna kuti mwamuna agwire nchito ya mzungu miyezi isanu ndi umodzi pa caka. Asipai ankabwera usiku ndi zingwe. Amuna ankatengedwa kukachola tiyi ku Milange ndi ku Gurue, kukadula nzimbe ku Luabo, kapena kukalambula miseu. M'madera ambiri a Zambezia amai ankakakamizidwa kulima thonje, pamene nkhokwe zili pululu. Mu 1961 boma la Lisbon linalemba papepala kuti cibalo catha. Papepala cinathadi. Koma msonkho unalipobe, sipai analipobe, ndipo munthu sankayenda popanda kabuku kake kosonyeza kuti walipira.

N'cifukwa cake anthu anavota ndi miyendo. Anaoloka Ruo usiku, ana kumsana, mbuzi patsogolo, napita ku Mulanje ndi ku Thyolo. Njira imeneyi inali yakale. Alomwe anaitsegula pothawa ulamuliro wa Apwitikizi zaka zambiri nkhondo isanayambe. Tsidya lija sanapeze uci. Anapeza minda ya tiyi ndi malipiro ocepa. Komabe banja lililonse limene linaoloka linalanda mtsamunda msonkho ndi manja awiri. Uku kunalinso kumenya nkhondo.

Taonani mmene mudzi unasinthira. Amuna atamangidwa, atathawa, kapena atatengedwa usilikali, khasu linatsala m'manja mwa amai. Mai ankalima yekha, kufolera nyumba yekha, kusaka ndalama ya msonkho yekha, ndi kuyankha mafunso a sipai yekha. Amai anayamba kuweruza nkhani zimene kale zinali za amuna ndi amalume. Ku madera omasulidwa akazi ananyamula mfuti kuyambira mu 1967, ndipo dzina la Josina Machel tonse timalidziwa. Amai a kuno sananyamule mfuti. Ananyamula mabanja. Dzina lao lili kuti?

Acinyamata nawo anagawanika. Wina anazemba kudzera ku Malawi mpaka ku Tanzania kukalowa Frelimo. Wina anagwidwa ndi kuvekedwa yunifomu ya Apwitikizi, pakuti m'zaka zotsiriza za nkhondo asilikali ambiri a atsamunda anali ana akuda a dziko lino. Mimba imodzi inabala adani awiri. Mai wao ankalirira onse.

Mu Julayi 1974 ankhondo a Frelimo anabwereranso m'Zambezia. Apo n'kuti asilikali a ku Portugal atagwetsa boma lao pa 25 Epulo caka comweco. Pa 7 Seputembala anasaina pangano ku Lusaka, ndipo pa 25 Juni 1975 Samora Machel analengeza ufulu. Amene amatinyoza amangoona miyezi yotsirizayi. Zaka khumi za mantha saziwerenga.

Wina angafunse kuti: "Tikumbiranji zakale?" Tikuzikumba cifukwa bodza limeneli lili ndi mano. Munthu amene wauzidwa kuti sanalime nawo amacita manyazi kupempha gawo lake pa nthawi yokolola. Akasowa mseu, mlatho kapena cipatala, amangoti zikomo. Ndiponso mabala osachulidwa sapola. Ufulu utabwera, nkhondo ina inadzatipeza, ya Frelimo ndi Renamo. Milange inagwa m'manja mwa Renamo mu 1986, anthu anaolokanso Ruo yemweyo, ndipo mtendere unadza ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Nkhondo yaciwiriyi inaphimba yoyamba ija, mpaka ana akuganiza kuti nthawi ya Apwitikizi kunali bata.

Akulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Tisadikire mlendo kuti adzatifotokozere zathu. Okalamba amene anaona 1964 atsala ocepa. Pitani kwa agogo anu madzulo ano. Afunseni amene anatengedwa, caka cake, ndi doko limene banja linaolokera. Ndipo wina akadzanenanso kuti ku Majaua kunalibe nkhondo, musakangane naye. Mungomuchulira mainawo.

Mafunso okambirana
1. N'cifukwa ciani ankhondo a Frelimo sanakhalitse m'Zambezia mu 1964?
2. Kodi nchito za amai zinasintha bwanji m'mudzi mwanu pa nthawi imeneyo?
3. Ndani wa m'banja lanu amene anaoloka Ruo, ndipo anabwerako?