Injini ikazima si ndiye kuti ndege yatha

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya ngozi za ndege zing'onozing'ono. Chichitikireni ngozi ya ku Chikangawa mu June 2024, anthu kuno kwathu akangomva za ndege amathamangira kunena kuti injini inazima, ngati kuti ikazima ndege imangogwa ngati mwala. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo analoza nyengo yoipa ndi kuuluka m'munsi kwambiri. Tisamasakanize zinthu.

Chimene chimasenza ndege ndi mapiko. Injini ntchito yake n'kukoka basi. Ikazima, ndege imatsika pang'onopang'ono ngati mphamba yotambasula mapiko. Ndege ngati Cessna 172 itakhala mamita 1,000 m'mwamba itha kuyendabe pafupifupi makilomita 9 isanafike pansi. Woyendetsa amakhala ndi mphindi zochepa zoti asankhe dambo, munda kapena bwalo la mpira. Choopsa chenicheni ndi mantha. Akakweza mphuno ya ndege pofuna kutalikitsa ulendo, liwiro limachepa, mapiko amaleka kugwira mphepo, ndipo apo ndiye imagwadi.

Taonani zimene zinachitikira Harrison Ford, mkulu wa mafilimu uja, pa 5 March 2015. Atangonyamuka pa bwalo la Santa Monica ku America, injini ya ndege yake yakale ya mtundu wa Ryan inatha mphamvu. Anatembenuka kuti abwerere koma sanafike. Anagunda nsonga ya mtengo n'kugwera pa bwalo la gofu la Penmar. Anavulala kwambiri koma anapulumuka, ndipo pansi sipanafe munthu. Ofufuza anapeza kuti kachitsulo kakang'ono ka mu kabuleta, kamene kamayeza mafuta, kanamasuka. Anapezanso kuti malamba a m'mapewa sanamangidwe bwino ku ndegeyo, zimene zinakulitsa kuvulala kwake. Ngati izi zinachitikira munthu wachuma chotere, nanga ndege imene mwini wake akuumira ndalama yokonzetsera?

Nthawi zambiri chozimitsa injini sichikhala chozizwitsa ayi. Mafuta kutha chifukwa chowerengera molakwa, madzi kulowa m'thanki, kapena chinyezi kuundana mu kabuleta, zimene zimachitika ngakhale kunja kukutentha. Ena adzati n'zaufiti, koma zonsezi n'za makaniko ndi woyendetsa. Apa m'pamene ndikuti oyang'anira za ndege azilimbikira kuyendera mabuku a okonza ndege, osati kungodikira ngozi kenaka n'kukhazikitsa komiti.

Ife a kumudzi tilinso ndi mbali yathu. Mu August 2024 ndege ya Cessna itagwera m'nyanja ku Nkhotakota, anali asodzi amene anavuula mayi wa ku Netherlands ali moyo, ngakhale anzake awiri anamwalira. Oyamba kufika pangozi timakhala ife, osati ambulansi. Ndikupempha mafumu ndi abusa athu auze anthu kuti akaona ndege ikutsika mwakachetechete, achotse ana pabwalo m'malo mothamangira kukaonerera. Ikatera, pasapezeke wosuta fodya kapena wonyamula muuni, chifukwa mafuta ake sachedwa kuyaka. Wovulala msana asakokedwe chisawawa pokhapokha moto utayamba. Ndipo zidutswa zisatoledwe kukapangira mbaula, poti kachitsulo kamene mwana angaike m'thumba n'komwe ofufuza akufuna.

Wokhudzidwa,
Nkhotakota