Chitseko choyamba, ulaliki pambuyo

Asilamu anzanga, pitani padoko lililonse la kwa Mwadzama usiku wa mdima, nyali za asodzi zikuyaka panyanja. Pansi pa mathandala a usipa mupeza amayi atagona pa ziguduli, ena ndi mwana kumsana. Wina ndi wamasiye amene achibale a mwamuna adamulanda nyumba. Wina banja lidatha, kwawo kulibe womulandira. Wina madzi adamugwetsera nyumba, monga zidachitikira ambiri kuno ku Nkhotakota mu 2024. Akudikira kuti kuche, agule nsomba zokagulitsa.

Kukacha, ogula amachuluka kuposa nsomba. Mwini chilimira ndi alovi ake ndiwo amasankha womugulitsa, ndipo tonse tikudziwa mtengo winawo umene satchula pagulu. Mayi akakana, abwerera ndi beseni lopanda kanthu. Akavomera, alibe mphamvu yonena za kondomu, chifukwa nsomba ndi za bamboyo, malo ogona ndi a bamboyo.

Ife tachitapo chiyani? Tamupatsa dzina loipa, basi. Timati adzisunge. Adzisunga bwanji munthu wopanda chitseko choti atseke? Koma bambo uja amabwera ku mzikiti atavala kanzu yoyera, timamupatsa moni ndi manja awiri, mwinanso ndiye watigulira mpunga wa futari. Za iyeyo sitilankhula. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 adapeza kuti amayi 10.5 pa 100 aliwonse m'Malawi ali ndi HIV, pomwe abambo ndi 7.1. Kusiyanaku sikutanthauza kuti amayi ndiwo opanda khalidwe.

Ena akuti kukamba za makondomu ndi mankhwala n'kulimbikitsa chiwerewere. Ine ndikukana. Mayi amene wagwiriridwa usiku pamchenga ayenera kudziwa kuti kuchipatala kuli PEP, mankhwala oyamba kumwa pasanathe maola 72, n'kumwa masiku 28. Ayenera kudziwanso za PrEP, yomwe munthu wopanda kachilombo amamwa kuti asatenge. Kumubisira zimenezi sikumuyeretsa. Ndipo musaiwale kuti bambo uja ali ndi mkazi kunyumba, mwina awiri, amene sadafikepo padoko.

Mwezi uno ndalama zikuyenda. Wosauka, wangongole ndi wapaulendo wosowa pogwira onse ali m'gulu la oyenera Zakaat, ndipo mayi wapadoko nthawi zambiri ndi onse atatu pamodzi. Thumba la ufa limatha Eid isanafike. Makomiti a mizikiti apeze chipinda pafupi ndi doko, cha amayi okhaokha, chokhala ndi loko wamkati ndi mayi wachikulire wosunga kiyi. Awapatse mpamba ngati gulu, kuti pogula nsomba azilipira ndalama pamanja osapempha ngongole kwa msodzi. Asafunsidwe chipembedzo pakhomo.

Ndipo a Shehe, khutba ya Lachisanu likubwerali ilunjike kwa eni zilimira. Amakhala mzere woyamba, amva bwinobwino.