Nsalu ya Chipani Siiponya Voti

Chiyambire tsiku la 24 Seputembala 2025, pamene bungwe loyendetsa chisankho lidalengeza kuti Pulofesa Arthur Peter Mutharika wapambana ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 aliwonse, m'nthambi zina za Chipani cha DPP mwabuka kalankhulidwe kamene kayenera kudzudzulidwa kasanazike mizu. Alipo anthu ena, makamaka aja okonda mipando yakutsogolo pa misonkhano, amene akuyenda modzitukumula namanena kuti Chipani chidabwerera m'boma ndi mphamvu ya anthu ake okhaokha, ndi kuti aliyense amene adaponya voti yake kwina mu 2020 ndi bilimankhwe wosayenera ngakhale kupatsidwa moni. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo ndiwo akuthamangira kuyalira mphasa ndi kuphera nkhuku andale amene dzulodzuloli adali kunyoza Chipani pa nsanja, koma lero agona usiku umodzi n'kudzuka atavala nsalu ya buluu. Akunyoza mlendo woyenera kumulandira ndi manja awiri, namalandira mlendo woyenera kumuyang'anitsitsa.

Nkhaniyi siifuna maula, ifuna masamu a ku pulayimale. Pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020, Pulofesa Mutharika adapeza mavoti osakwana 40 pa 100 aliwonse, pamene Dr Lazarus Chakwera adapeza pafupifupi 59. Pa 16 Seputembala 2025 zinthu zidatembenuka: Mutharika pafupifupi 57, Chakwera 33. Mavoti owonjezerawo sadagwe kumwamba ngati matalala. Ena adachokera kwa achinyamata ovota koyamba, koma enanso adachokera kwa Amalawi omwe aja amene zaka zisanu zapitazo adaona kuti ndi bwino kuyesa ena, ndipo atawayesa adabwerera. Munthu amene akutukwana anthu amenewa akutukwana mlatho umene iye mwini waolokera.

Mbiri ya dziko lino idaphunzitsa kale kuti chizindikiro cha chipani ndi mtima wa munthu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuyambira 1966 Malawi adali dziko la chipani chimodzi, ndipo achikulire akukumbukira bwino masiku aja pamene munthu wopanda khadi la Malawi Congress Party ankabwezedwa pa chipata cha msika kapena kutsitsidwa m'basi. Umodzi, Kukhulupirika, Kumvera ndi Kusunga Mwambo zinkatchulidwa pa msonkhano uliwonse, ndipo woyang'ana patali akadalumbira kuti mtundu wonse udali ndi mtima umodzi. Koma pa 14 Juni 1993, atapatsidwa mwai wosankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda popanda wina kuwasuzumira, Amalawi oposa 60 pa 100 aliwonse adasankha nyali, kutanthauza ndale za zipani zambiri. Ambiri a iwo makadi aja adali nawo m'matumba tsiku lomwelo. Khadi lidali m'thumba, koma mtima udali utachoka kalekale, ndipo amene ankawerenga makadi m'malo mowerenga mitima adadzidzimuka dzuwa lili paliwombo.

Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chidabala chinyengo china. Bakili Muluzi adapeza mavoti 47 pa 100 aliwonse, Dr H. Kamuzu Banda 33, Chakufwa Chihana pafupifupi 19, ndipo mapu a zotsatira adafanana ndi mapu a zigawo: Kummwera UDF, Pakati MCP, Kumpoto AFORD, imene idatenga mipando yonse 33 ya chigawo chimenecho. Kuchokera pamenepo andale ambiri adakhulupirira kuti voti ndi chinthu chobadwa nacho monga mfunda, ndi kuti ntchito ya chipani ndi kungotchinga khola la kwawo. Malamulo a nthawiyo adawathandiza kugona tulo timeneti, pakuti munthu ankatha kulamula dziko ndi mavoti 36 pa 100 aliwonse, monga zidachitikira mu 2004 ndi mu 2014.

Koma chaka cha 2009 chidaonetsa kuti chikhulupiriro chimenechi n'chabodza. Malemu Pulofesa Bingu wa Mutharika, amene mu 2004 adalowa ndi mavoti 36 okha pa 100, adapambana ndi 66, ndipo mavotiwo adachokera Kumpoto, Kummwera ndi m'maboma angapo a Pakati. Sadasinthe mtundu wake pakati pa zisankho ziwirizo, ngakhalenso mudzi wake wa ku Thyolo sudasunthe. Chidasintha ndi nkhokwe. Ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo imene idayamba mu 2005 idafika pa khomo la mlimi wa ku Mzimba monga momwe idafikira pa khomo la mlimi wa ku Mulanje, ndipo onse awiri adayankha ndi voti imodzimodzi.

Tsono pa 3 Febuluwale 2020 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti wopambana pa mpando wa Mtsogoleri wa dziko ayenera kupeza mavoti opitirira theka, ndipo Bwalo Lalikulu la Apilo lidavomereza chigamulocho m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho. Anthu angathe kukangana mpaka mawa za milandu imeneyo, koma lamulo ndi limenelo. Palibe chigawo ngakhale chimodzi m'dziko muno chimene chili ndi theka la anthu onse. Chipani chimene chingadalire khola la kwawo lokha chidzatha kudzaza bwalo la zamasewero, kuvina mpaka fumbi kobo, koma sichidzalowa ku Nyumba ya Boma. Kiyi wa nyumba imeneyo ali m'manja mwa munthu uja wopanda khadi, wopanda nsalu, amene sadalumbire kwa wina aliyense.

Nanga munthu ameneyu amasankha bwanji? Sawerenga mabuku a mfundo za zipani, ndipo mawu a pa wailesi amawamva ndi khutu limodzi. Buku lake lili m'mutu, ndipo amalembamo tsiku ndi tsiku. Mayi wa pa mzere wa ku chigayo amalembamo mtengo wa ndowa ya chimanga mwezi wa Januwale, pamene nkhokwe yatha koma chatsopano chisanache. Mlimi amalembamo ngati thumba la feteleza lidafika mvula yoyamba isanagwe kapena chimanga chitayamba kale kufiira. Mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amalembamo masiku amene adagona pa mzere wa mafuta m'malo monyamula anthu. Mphunzitsi amalembamo zimene zidachitikira malipiro ake pamene Kwacha idagwetsedwa ndi 25 pa 100 m'mwezi wa Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 m'mwezi wa Novembala 2023. Wodwala amalembamo tsiku lija adayenda mtunda wautali kupita ku chipatala n'kuuzidwa kuti akagule yekha mankhwala. Zonsezi sizituluka pa msonkhano. Zimatuluka m'kachipinda kovotera, mmene munthu amatsala yekha ndi cholembera.

Ndipo munthu ameneyu ndi waulemu, n'chifukwa chake amapusitsa andale. Msonkhano wa chipani ichi amapita, wa chipani icho amapitanso. Akapatsidwa nsalu amalandira, pakuti nsalu ndi yobereka mwana ndi kufunda usiku, ndipo ng'oma ikalira amavina monga aliyense. Wandale wopanda nzeru amawerenga mitu ya anthu pa bwalo, napita kwawo ali wokondwa. Lamulo la zipani za ndale la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kukopa ovota, koma ngakhale lamulolo likadapanda kukhalapo, nzeru yokha ikadakwanira kuletsa mchitidwewu, chifukwa boma lililonse limene lidagonja m'dziko muno lidagonja nsalu zake zili mbwee m'midzi. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Voti imene siidalowe m'bokosi ili pachala, ndipo ndi ya mphepo.

Munthu wotere si bilimankhwe. Bilimankhwe weniweni ndi wina, ndipo Chipani cha DPP chimamudziwa bwino kuposa chipani china chilichonse. Pulofesa Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, misozi isanaume, aphungu ndi akuluakulu ambiri amene ankalumbira kuti adzafera Chipani adaoneka atavala kale nsalu ya People's Party, chipani cha Mtsogoleri watsopano, Mayi Joyce Banda. Adakatengera chiyani kumeneko? Pa chisankho cha 2014 Mayi Banda adakhala achitatu ndi mavoti 20 pa 100 aliwonse, chipani chawo chidapeza mipando 26 yokha mwa mipando 193, ndipo oima paokha adapeza 52. Khamu lonse lija silidabweretse mavoti, lidangobweretsa mimba zake. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada, ndipo adagwa pamodzi ndi nthambi imene adalumphirapo.

Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko lidalembedwa pofuna kuthana ndi khalidwe lomweli, pakuti limapereka mphamvu kwa Sipikala kuchotsa phungu amene wasiya chipani chimene adasankhidwira n'kulowa china cha m'Nyumba ya Malamulo. Bwalo Lalikulu la Apilo lidatsimikiza mu 2007 kuti gawoli ndi loyenera. Chipani cha DPP nacho chidalandirapo aphungu ochuluka ochokera kwina chitangokhazikitsidwa mu 2005, ndipo mkangano umene udatsatira udachedwetsa bajeti ya dziko mu 2007 ndi mu 2008, anthu wamba n'kumavutika. Phunziro limeneli lidagulidwa ndi mtengo wapatali, ndipo si loyenera kuligulanso kachiwiri. Kusiyana kwa anthu awiriwa n'koonekeratu. Wovota amene wasintha maganizo amachoka kwa wolamula chifukwa cha njala ya ana ake. Wandale wosinthasintha amathamangira kwa wolamula chifukwa cha dyera lake. Woyamba amalanga boma lolephera, wachiwiri amaliimbira m'manja mpaka tsiku loti ligwe.

Wina adzafunsa kuti, kodi tsono kukhulupirika ku Chipani kulibe phindu? Kuli nalo, ndipo lalikulu. Apampando a nthambi ndi a madera amene adapitiriza kuitanitsa misonkhano pansi pa mitengo ya mango kuyambira 2012 mpaka 2014, ndiponso kuyambira 2020 mpaka 2025, popanda galimoto, popanda ndalama ya nkhomaliro, anzawo akuwaseka, ndiwo mizati ya nyumba. Amayi amene adasunga nsalu zawo m'masutukesi osazisinthanitsa ndi za ena ayenera ulemu woposa wa mlendo aliyense wofika nsima itapsa kale. Popanda iwo sipakadakhala Chipani choti anthu ena abwererepo. Koma mizati yokha si nyumba, ndipo mutu umodzi susenza denga. Ntchito ya wokhulupirika si kutseka chitseko, koma kupita kwa mnansi wake amene adavotera kwina, kukhala naye pakhonde, ndi kumva chimene chidamuchotsa.

Ntchito yake ina, yovuta koposa, ndiyo kunena zoona kwa akuluakulu. Mu 2011, zaka ziwiri zokha chichokere chipambano cha mavoti 66 pa 100, dziko lidasowa mafuta ndi ndalama zakunja, ndipo pa 20 Julaye anthu adatuluka m'misewu ya m'mizinda, miyoyo n'kutayika. Chikondi cha ovota chimene chidamangidwa zaka zisanu chidaphwa m'miyezi yowerengeka. Oimba m'manja adalipo ambiri masiku amenewo, otsina khutu ndiwo adachepa. Wapampando wa nthambi amene amauza phungu wake kuti m'mudzi zonse zili bwino pamene ku ADMARC kulibe chimanga ndi mdani wa Chipani woposa wotsutsa aliyense, pakuti wotsutsa amakuwa pabwalo ndipo amamveka, koma wosyasyalika amaphimba dzenje ndi masamba.

Kanayi konse Amalawi achotsa Mtsogoleri amene adali pampando pogwiritsa ntchito voti: mu 1994, mu 2014, mu 2020 ndi mu 2025. Zipani zitatu zalawa chikho chimenechi, MCP kawiri, ndipo DPP ili m'gulu lomwelo. Onsewo adali ndi magalimoto a boma, wailesi ya boma ndi makamu ovina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho akuluakulu a Chipani m'zigawo, m'maboma, m'madera ndi m'nthambi ayenera kuleka kuwerenga nsalu ndi kuyamba kuwerenga nkhokwe. Wandale wofika lero alandiridwe monga membala wamba, akhale kumbuyo, agwire ntchito, ndipo mpando audikire monga anzake adaudikirira. Chitukuko chisafunse kuti mudzi uno udavotera yani, pakuti mjigo wokumbidwa m'mudzi wa otsutsa umalankhula kuposa msonkhano wa tsiku lathunthu. Mavoti 57 aja pa 100 si cholowa cha Chipani, ndi ngongole, ndipo eni ake adzabwera kudzaitenga mu 2030. Mayi uja wa ku chigayo adzaima pa mzere mbandakucha, mwina atavala nsalu ya buluu, mwina ya mtundu wina, koma m'kachipinda muja nsaluyo siidzafunsidwa kanthu.